Timabotolo Tooneka M'kati

Akulu anga sagula dzira asanaligwedeze pafupi ndi khutu. Sopo amayamba amununkhiza, nsalu amaikoka uku ndi uku, ndipo ukawapatsa moni wansangala yopitirira muyeso amakuyang'ana m'manja kaye asanayankhe. Pamzere wathu wa mashopu anthu anawapatsa dzina loti a Tionekaye, poti ndiwo mawu amene amayamba kutuluka pakamwa pawo chinthu chilichonse chikafika, kaya ndi katundu, kaya ndi uthenga wabwino. Dzinalo sadana nalo. Amati n'chimodzimodzi kuwatchula kuti anzeru.

Ine ndine mng'ono wawo wamkazi wopondana nawo. Ndimasoka zovala m'kachipinda kogundizana ndi shopu yawo ya zodzoladzola. Pakati pathu pali chitseko, ndipo chitsekocho chili ndi loko mbali imodzi yokha. Mbali yake mwaidziwa kale. Takhala choncho zaka makumi awiri ndi zitatu, tiyi kumwera limodzi, mavuto kugawana, koma ndikafuna kubwereka tsache ndimagogoda.

Shopuyo ndi yaing'ono. Muli mashelefu atatu, kauntala ya galasi, kabati yamatabwa kuseri, ndi zenera limodzi lakumbuyo loyang'ana kotulukira dzuwa. Akulu anga amadziwa kulemera kwa botolo lililonse pa dzanja lawo. Wogula akanyamula botolo n'kulibwezera, iwo amadikira atuluke, kenako amapita kukalinyamulanso ngati akupukuta fumbi.

Khalidweli sanabadwe nalo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi analembedwa ntchito m'shopu ya mayi wina wolemera, wopemphera kwambiri, amene ankawatsekera m'chipinda chakumbuyo ndi jagi ya madzi ndi fanelo. Ntchito yawo inali kutsegula mabotolo a mafuta odzola, kupungula pang'ono, kuthiramo madzi, kugwedeza, n'kutsekanso bwinobwino. Masana mayi uja ankawaimika pakauntala kuti azimwetulira ogula. Anagwira zaka zinayi. Mpaka lero akamanena nkhaniyi sachita manyazi, amachita ukali.

"Ine ndinathirapo madzi, iwe," amatero. "Nkhope ya munthu wothira madzi ndimaidziwa. Imakhala yaulemu."

Ndipo tisawanamizire, kukayika kwawo kunapulumutsapo anthu. Chaka china kunabwera bambo wina wa tayi ndi chikwama cha mafuta oyeretsa khungu, pakamwa pali tseketseke. Mashopu onse pamzerewu anatenga. Akulu anga anatsegula botolo limodzi, kununkhiza, kupaka pang'ono kuseri kwa dzanja, n'kumuuza bamboyo kuti abwere pakatha sabata. Sanabwerenso. Mwezi usanathe, amayi amene anagula kwina ankayenda atabisa nkhope m'mipango, masaya atapsa. Ogula anayamba kunena kuti chinthu chimene chadutsa m'manja mwa a Tionekaye ungapake ngakhale khanda. Akulu anga anazimva, mutu unakula pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo panalibe amene akanawauzanso kanthu.

Mwana ali naye mmodzi, wamwamuna, woyendetsa magalimoto akuluakulu a katundu, amene amagona pakhomo masiku ochepa pamwezi. Atakwatira, mkazi wake anabwera kudzathandiza m'shopu. Mpongozi wathuyu anali atagwirapo ntchito zaka zisanu m'sitolo ya mankhwala, kuseri kumene amasakaniza mafuta a anthu odwala khungu. Ndi mkazi wofatsa, woyankhula motsitsa, wosamba m'manja kawiri asanagwire kanthu. Ine ndinamukonda tsiku loyamba lomwelo. Akulu anga anati, "Ameneyu ndi waulemu kwambiri," ndipo ine ndinadziwa kuti sikunali kumuyamikira.

Zaka zitatu zinadutsa popanda mlandu. Kunabadwa mwana wamkazi, agogo ake n'kumagulitsa atamubereka kumbuyo, akuimba nyimbo zimene sindinkadziwa kuti amazidziwa. Mpongozi anakonza mashelefu, anataya mafuta amene masiku ake anatha, ndipo ankawathira apongozi ake mankhwala a m'maso m'mawa uliwonse. Ndinkaganiza kuti akulu anga apeza munthu woti apumire. Kenako mpongozi anabwera ndi nzeru ya seramu.

Seramu, kwa inu osadzola, ndi timadzi ta kunkhope, topaka madontho atatu kapena anayi, tochotsa mawanga ndi zipsera za ziphuphu. Wochokera kunja ndi wodula, ndipo wambiri ndi wachinyengo. Mpongozi anati angathe kupanga yekha ndi ufa wa vitamini C, madzi oyeretsedwa a kusitolo ya mankhwala, gilisirini ndi kasikelo kake kakang'ono. Woyamba anamuthira m'timabotolo takuda, tosatsegulika, tokhala ndi pampu yodina pamwamba. Anthu anagula, n'kubweranso ndi anzawo. Mphunzitsi wina, amene mawanga anamuzunza kuyambira pa mimba yake yoyamba, anabwera dala kudzationetsa masaya.

Akulu anga anakondwera ndi ogula, koma timabotoloto tinkawasowetsa mtendere.

"Apongozi, botolo lanji losaoneka m'kati?" anafunsa tsiku lina akuligwedeza pakhutu. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndigulitse bwanji chinthu chimene maso anga sanachione?"

"Amayi, seramu ameneyu amadana ndi dzuwa ndi mpweya," anayankha mpongozi. "Ali ngati nthochi yosenda, mukaisiya poyera imada. Galasi lakudali limatchinga kuwala, ndipo pampuyi imatulutsa seramu osalowetsa mpweya."

"Ndiye kuti mpweya tikupumawu ndi poizoni?"

"Kwa ife ayi. Kwa seramu, eya."

Akulu anga anandiyang'ana, ine ndili pachitseko ndi kapu ya tiyi, n'kukweza nsidze imodzi. Sabata yotsatira anabwera ndi katoni ya timabotolo ta galasi loyera, tokhala ndi kodonthezera, kachubu kagalasi kaja kokhala ndi kampira kofinya pamwamba. Kunena zoona tinali tokongola. Ukafinya kampira n'kusiya, seramu ankakwera m'kachubu ali mbee, aliyense n'kumaona ndi maso ake. Ogula anatikonda kuposa takuda tija, ndipo inenso ndinali mbali ya akulu anga.

Mpongozi anakana masiku awiri, lachitatu anagonja, poti shopu si yake. Koma anaika malamulo ake. Timabotolo tizikhala m'katoni, katoniyo m'kabati, mumdima. Pakauntala pazikhala kamodzi kokha koonetsa anthu. Ogula aziuzidwa kuti kachubu kasamakhudze khungu, poti kamatola litsiro n'kubwerera nalo m'botolo, ndiponso kuti asamafinyefinye kampira kachubu kali m'kati mwa seramu.

"Ndipo chonde, amayi, tosagulidwa tisamatsegulidwe," anatero. "Kutsegula kulikonse ndi mpweya."

"Tione kaye," anayankha akulu anga.

Milungu iwiri isanathe, seramu wa m'kabati anayamba kusintha. Choyamba anachita chikasu chapatali, chongoona munthu wa diso lakuthwa. Kenako chikasu chenicheni. Pofika sabata yachinayi anali ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ankamveka kafungo ka chitsulo. Mpongozi anataya yense m'sinki, maso ali psuu, n'kupanga wina. Anasintha madzi, anasintha kogula ufa, anawiritsa timachubu, anavala magolovesi. Wachiwiri anada msanga kuposa woyamba.

Akulu anga sanayambe ndi mpongozi. Anayamba ndi wogulitsa timabotolo, amene anamuyendera kawiri kukamufunsa ngati tinali tatsopanodi. Anadzafika pa mayi wosesa khonde, amene sanalowepo m'shopumo chiyambire. Anakayikira penti imene mwini nyumba anapaka kukhoma lakunja. Anakayikira ngakhale mayi wa shopu ya zodzola ya kutsidya kwa msewu, poti tsiku lina anatipatsa moni akuseka. Onsewa atatha, ogula anayamba kubwerera. Mphunzitsi uja anabwera ndi tiziphuphu pamphumi ndi pachibwano, n'kuponya kabotolo pakauntala anthu akuona.

"A Tionekaye, nanunso mwayamba?" anatero.

Akulu anga anamupepesa ndi mafuta ena, n'kumuperekeza mpaka panja. Dzina lawo labwino ndicho chuma chokha chimene anadzipangira ndi manja awo, ndipo ankaliona likusungunuka. Madzulo a tsiku limenelo anatsegula chitseko chapakati okha, chinthu chosowa, n'kudzakhala pampando wa makasitomala anga.

"Iwe, seramu sangade yekha," anatero motsitsa mawu. "Wina akupungula ufa wabwino n'kuikamo zake."

"Wina ndani? M'shopumo muli anthu awiri."

"Ndiye wawerenga bwino."

Ndinawakalipira. Ndinati akufuna kupasula banja la mwana wawo ndi manja awo omwe. Koma ndisadziyeretse, mawu awo anandilowa, ndipo ndinayamba kuona zinthu. Ndinaona kuti mpongozi wavala nsapato zatsopano. Ndinaona kuti foni amakayankhira panja. Ndinaonanso kuti chikwama chake sachisiya chotsegula pansi pa kauntala monga kale, amachikoleka pamsomali n'kutseka zipi. Nsapato anamugulira mwamuna wake, pafoni ankayankhula ndi mayi ake odwala, koma izi ndinazidziwa pambuyo pake. Panthawiyo ndinkathamanga nazo kwa akulu anga zidakali zotentha. Manyazi ake ndidakali nawo mpaka lero.

Akulu anga analamula kuti seramu wachitatu apangidwe iwo ndi ine tikuona. Tinaima uyu uku uyu uku, mpongozi pakati akuyeza ufa. Anathira m'timabotolo makumi awiri, kutseka, kuika m'katoni. Akulu anga anakiya kabati, kiyi n'kumuika m'bulauzi. Mpongozi anaona, n'kuyamba kutsuka jagi.

Patapita masiku atatu, mpongozi anathamangira kusukulu ya mkaka kukatenga mwana, chikwama n'kuchiiwala pamsomali. Akulu anga sanachedwe. Ndinawauza kuti asatsegule, koma ndinawauza maso anga ali pazipi. M'kathumba kam'kati munali timabotolo tiwiri tokulunga m'sokosi yakuda. Kalikonse kanali ndi kapepala ka tsiku. Kamodzi kanali ka seramu woyamba uja amene anatayidwa m'sinki, kena ka wachiwiri. Seramu wa m'timabotolo timeneti anali woyera ngati wapangidwa dzulo.

Akulu anga anakhala pansi. Sanakondwere, ndiyenera kuwachitira umboni pamenepo. Anaoneka ngati munthu amene dokotala wamutsimikizira matenda amene wakhala akuwaopa. Mpongozi atabwera, mwana ali kudzanja, anapeza timabotolo tili pakauntala. M'shopu munali ogula awiri, koma akulu anga sanadikire kuti atuluke.

"Apongozi, wabwino ndi wanu, wowola ndi wathu?"

"Amayi, mwatsegula chikwama changa?"

"Yankhani kaye langa."

"Timeneto ndi toyerekezera," anatero mpongozi. "Ndikapanga seramu ndimasunga kamodzi kosatsegula, mumdima, kuti ndidziwe ngati vuto lili m'kapangidwe kapena kwina. Ndi mmene tinkachitira kusitolo ya mankhwala. Seramu ndi yemweyo, amayi, wa m'jagi imodzi. N'chifukwa chake mutu wandiima. Wanga sakuda, wa m'kabati akuda. Pali chimene chikuchitika m'kabatimo."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinkaopa kuti muganiza zomwe mukuganizazi."

"Chikuchitika n'chakuti wabwino mumagulitsa kuseri, ife n'kutisiyira zotsalira," anatero akulu anga, mawu atakwera mpaka wometa tsitsi wa khomo lachitatu anatulutsa mutu. "Ndakhala ndikukuonani, ndi ulemu wanu wonsewo."

Ogula aja anayang'ana pansi. Mwana anayamba kulira. Mpongozi anatembenukira kwa ine.

"Amayi aang'ono, nanunso mukutero?"

Ine, mkazi wamkulu, wodziwika mzere wonse kuti sindisunga mawu m'kamwa, ndinangoyang'ana tepi yoyezera imene inali m'khosi mwanga. Mpongozi anadikira pang'ono. Kenako anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, kuiika pakauntala, n'kutenga chikwama ndi mwana. Tsiku lomwelo anapita kwa makolo ake. Mwamuna wake atabwera ku ulendo anawauza mayi ake, akulu angawo, mawu amene sindingawalembe pano, kenako anakapeza nyumba ya lendi kutsidya lina la tauni n'kutenga banja lake. Akulu anga anati mkazi wamutseka m'maso.

Shopu inazizira. Kampando ka mwana kanatsala pakona, ndipo akulu anga ankakasesa mozungulira osakasuntha. Mankhwala a m'maso ankadzithira okha, theka n'kumagwera patsaya. Koma pakamwa ankati tsopano katundu wawo apuma. M'shopumo munatsala munthu mmodzi, kiyi mmodzi, ndi timabotolo makumi awiri topangidwa ife tikuona. Masiku khumi atatha, timabotoloto tinayamba chikasu.

Munthu wina akanaima pamenepo n'kudzifunsa. Akulu anga anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kuti padziko lapansi patsala munthu mmodzi woti amukayikire.

"Iwe, kodi loko wa chitseko chapakatichi unamugwirapo?" anandifunsa madzulo ena, ngati akufunsa za mvula.

"Mukuti bwanji, akulu?"

"Ndangofunsa. Paja iwe unkamukonda."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinawakumbutsa amene anawasambitsa atathyoka mwendo. Ndinawakumbutsa amene anakhala nawo miyezi itatu amuna awo atamwalira. Ndinawauza kuti tsiku lawo likadzafika adzadzuka m'bokosi kuti agogode thabwa, amve ngati ndi lenileni. Ndinamenyetsa chitseko n'kupita kwathu osatsanzika. M'mawa mwake ndinalawira, mkwiyo usanazizire, kuti ndikawauze kuti makina anga ndikuwasamutsa pamzerepo. Chitseko cha shopu yawo ndinachipeza chokiya cham'kati. Ndinazungulira kumbuyo, kumene kuli mpopi, kuti ndikagogode pazenera.

Dzuwa linali litangotuluka ndipo linkawomba pazenera lija. Akulu anga anali atandandalika timabotolo tonse pamenepo, padzuwa. Ankatenga kamodzikamodzi. Kutsegula, kufinya kampira kachubu kali m'kati katatu, kanayi, mpaka seramu kuchita thovu, kuti aone ngati pansi pakhazikika kanthu. Kukweza kachubu kudzuwa, diso limodzi chotsinzina. Kununkhiza. Kudonthezera kuseri kwa dzanja, kachubu kakukhudza khungu, kutikita ndi chala, n'kubwezera kachubu m'botolo osatseka. Kenako kotsatira. Ankagwira ntchitoyo mosamala kwambiri, mwachizolowezi, ngati munthu amene waigwira kambirimbiri.

Ndinagogoda pagalasi. Anadzidzimuka, kachubu kanangotsala pang'ono kugwa.

"Akulu, mukutani?"

"Ndikuyendera katundu wanga. N'kulakwa?"

"Mumayendera kangati?"

"M'mawa uliwonse, asanafike anthu. Atayamba kuda ndinawonjeza, masana uja akapita kukatenga mwana."

"Nanga mpongozi anati chiyani za mpweya? Za dzuwa? Za kachubu pakhungu?"

"Zimenezo zinali zonditseka m'maso kuti ndisaone."

"Nanga ngati zinali zoona?"

Anayang'ana timabotolo totsegula tija, thovu lili pamwamba, n'kuyamba kutitseka mofulumira.

"Kuyang'ana chinthu sikungachiwononge," anatero, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu.

Akulu anga sagonja ndi pakamwa, amagonja ndi maso. Anakagula okha ufa, n'kutsatira kabuku ka mpongozi kamene kanatsala m'dirowa, ine ndikuwawerengera, mpaka anapanga seramu wokwana timabotolo tiwiri. Kamodzi tinakakulunga m'nsalu yakuda, ine n'kusoka ndi makina mbali zonse, iwo n'kusaina pamsokopo ndi bolopeni kuti ndisamasule. Ngakhale apo anali akundikayikirabe, koma ndinameza. Kena ankakayendera m'mawa uliwonse monga mwa mwambo wawo, kufinya, kukweza kudzuwa, kununkhiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye tinadekha milungu itatu. Sitinkayankhulana bwino, koma tiyi tinkamwa.

Tsiku lomasula anadula ulusi okha ndi lezala. Anaika timabotolo tiwiri tija papepala loyera. Kosokera kaja kanali mbee. Koyendera kaja kanali tiyi. Anakhala akuyang'ana timabotoloto nthawi yaitali, wogula wina akugogoda panja. Ndinkadikira kuti anene kuti ndasinthanitsa, ndipo yankho ndinali nalo kale pamlomo. Sananene. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi bulauzi, n'kufunsa osandiyang'ana.

"Kodi akugwira kuti masiku ano?"

Mpongozi anali atabwerera ku ntchito yake yakale, m'sitolo ina ya mankhwala kutsidya kwa tauni. Tinapita Loweruka pa basi. Akulu anga anavala diresi lawo labwino, timabotolo m'chikwama. Tinamudikira pabenchi panja mpaka nthawi yake yopuma. Atationa anabwera, yunifolomu ili mbee, n'kutipatsa moni, kufunsa za maso a apongozi ake, kufunsa za makina anga. Anali ataonda.

Akulu anga anatulutsa timabotolo n'kufotokoza zonse, osadzikometsera. Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akupepesa munthu, koma tsiku limenelo anapepesa kawiri. Anati adzaima pakhomo pa shopu n'kuuza mzere wonse, ndi mphunzitsi yemwe, kuti wowononga seramu anali iwo. Anati timabotolo takuda tibwerere, ndipo kiyi wa kabati akhale wa mpongozi. Nanenso ndinaulula zanga, za nsapato ndi za foni, ndi za tsiku lija ndinayang'ana tepi. Mpongozi anamvetsera akutembenuza kabotolo ka seramu wakuda m'manja. Misozi inalengeza m'maso mwake, ine mumtima n'kuti basi, zatheka.

"Ndamva, amayi. Ndakhululuka, ndipo mwana azibwera kudzakuonani," anatero. "Koma ndifunse chimodzi. Kutsegulako munayamba liti? Seramu atayamba kuda?"

Apa ndinawaponda phazi akulu anga. Yankho labwino linali pafupi, mpongozi anali atawaikira kale pakamwa, ndipo ine ndikanakhala chete mpaka kumanda.

"Ayi," anatero akulu anga. "Munathira seramu m'timabotolo toyera Lachiwiri. Ine ndinayamba Lachitatu m'mawa."

"Kusanachitike kalikonse?"

"Kusanachitike kalikonse."

"Nditakhala nanu zaka zitatu. Mwana wanga muli kumubereka kumbuyo."

Akulu anga anavomera ndi mutu. Mpongozi anawabwezera kabotolo, n'kupinda zala zawo pamwamba pake ndi manja ake awiri, mwachikondi ndithu.

"Mukanayamba seramu atada, ndikanabwera Lolemba lomweli," anatero. "Munthu akaona choipa amafufuza, palibe mlandu. Koma inu munkafufuza ine kulibe choipa. Botolo tikhoza kusintha, amayi. Koma ine ndizidzalowa m'shopumo m'mawa uliwonse ndikudziwa kuti mwalawira kale kudzandiyendera. Sindingathe."

Wina anamuitana m'sitolo. Anatitsanzika, anati timupatsire moni wometa tsitsi ndi mayi wosesa khonde, n'kulowa.

M'basi pobwerera akulu anga anakhala chapazenera, chikwama pamiyendo. Titadutsa masiteji atatu ananditembenukira.

"Unandiponda phazi," anatero.

"Ndinakupondani. Mukanangonama kamodzi kokha."

"Akanakhulupirira?"

"Akanakhulupirira. Mukumudziwa."

"Eya," anatero akulu anga akuyang'ana panja. "Akanakhulupirira. Masiku onse aja ankandikhulupirira."

Kenako analira, mokweza, m'basi yodzaza ndi anthu, ndipo sanasamale kuti akuwaona ndani.